Chinkhanira cha m'Nkhuni za ku Chadiza

Munthu amene sanagonepo ku Chadiza m'mwezi wa Okutobala sangamvetse chifukwa chake anthu a kumeneko amacheza pabwalo kufikira pakati pa usiku. Dzuwa limatuluka ngati lili ndi mlandu ndi munthu, ndipo ngakhale litalowa, zipupa ndi malata zimatsala zikulavula moto. Ife tinapitako pa nyengo yotereyi m'chaka cha 2023. Tinanyamuka ku Chipata kusanache, tinayenda makilomita oposa 70 kulowera kumwera, ndipo titapumula pang'ono pa boma tinakwera njinga zamoto kupita ku midzi ya kwa mfumu Mlolo, kufupi ndi malire a Mozambique, kumene tinali ndi ntchito ya masiku atatu.

Chadiza si chipululu ayi. Ndi dziko la Achewa a mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, pansi pa Kalonga Gawa Undi, dziko la chimanga, mtedza, soya, mpendadzuwa, thonje ndi fodya, kumene mvula imayamba mu Novembala ndi kuleka cha mu Epulo. Koma amene amalionera pa mapeto a chilimwe angakhululukidwe atalitcha chipululu. Timitsinje tambiri tinali titasanduka mchenga, amayi akufukula madzi m'maenje ndi zikho. Tchire linali lakuda ndi lupsa. Mapiri a miyala anali mbuu, nyenje zikulira m'mitengo mwakuti makutu kuwawa, ndipo ng'ombe zinali zitaunjikana pansi pa mitengo ya mango, zosafuna ngakhale kupatuka pamene njinga zathu zinkadutsa. Kumwera kwake, kutsidya kwa malire, dziko limanka litsika kulowera ku chigwa chotentha cha Zambezi.

Amene anatilandira ndi bambo wina wachikulire, mlimi wa fodya ndi mtedza. Khomo lake linali la munthu wakhama: nyumba ya njerwa zowotcha yofolera ndi malata, khitchini ya udzu, nkhokwe ziwiri, chigafa cha fodya, khola la nkhunda, ndi mulu wa njerwa zotsala pa uvuni zimene ankasungira nyumba ya mwana wake. Chimene chinatikopa maso koposa ndi nkhuni. Mayi wa pakhomopo, pokonzekera dzinja, anali atatola nkhuni zambiri ndi kuzisanja bwino motsamira chipupa cha khitchini, mulu wofika m'khosi mwa munthu. Tinamuyamikira ndithu, pakuti kwathu konse kuno mayi wanzeru amadziwika ndi nkhuni zake mvula isanagwe, ndipo iye anaseka mwamanyazi, naombera m'manja.

Pofika nthawi yogona, mwini khomo anatiperekeza ndi tochi kufikira pa khomo la chipinda. "Aphunzitsi," anatero, "nsapato zanuzo musazisiye pansi. Zipachikeni pa msomali apo, ndipo m'mawa muyambe mwazikutumula musanaponyemo phazi. Ino ndi nyengo ya zinkhanira." Tinavomera mwaulemu, koma mumtima tinkaseka, poganiza kuti akutiyesa alendo a m'tauni osadziwa za kumudzi. Nafenso tinakulira pa mphasa, ndipo pa sukulu ya mishoni kumene tinaphunzira, kukutumula bulangete usanagone linali lamulo lofanana ndi kusamba m'manja. Chinkhanira tinkachidziwa monga kachirombo kopweteka, kamene kamaliza munthu usiku umodzi, mawa lake n'kuiwala.

Tsoka linagwa madzulo a tsiku lachiwiri. Kunali kutayamba chisisira, nsima ili pamoto, ndipo mayi uja anatuma mdzukulu wake, kamtsikana ka zaka 6, kuti kakasolole nkhuni ziwiri pa mulu uja. Tinangomva mfuu wolasa mtima. Mwanayo anatulukira kuseri kwa khitchini akuthamanga, atagwira dzanja lamanja m'mwamba, akupondaponda pansi. Pa chala chake panalibe magazi, panalibe chotupa, koma kadontho kofiira kovuta ngakhale kukaona. Kulira kwake nkumene kunatiuza kuti si minga.

Pa kanthawi kochepa pabwalo panadzaza anthu, ndipo aliyense anabwera ndi mankhwala ake pakamwa. Wina anati atenge lezala atemepo mphini kuti magazi oipa atuluke. Wina anali atamasula kale mphira wa njinga kuti amange mkono. Mnyamata wina anathamangira parafini, mayi wina fodya wa mphuno, ndipo bambo wina anaumirira kuti mankhwala enieni ndi kupeza chirombocho, kuchiwotcha ndi kupaka phulusa lake pabalapo. Onsewa ankanena mwachikondi. Kenaka anthu anapatuka, chifukwa agogo aakazi a pamudzipo, amayi ake a mwini khomo, anali kubwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, atanyamula kachitini kakale. M'kachitinimo, mokulunga ndi kansalu, munali mwala wakuda.

Awerengi achikulire mukuudziwa mwala umenewu. Unafala m'maiko athu ano kudzera mwa amishoni akale ochokera ku Ulaya, amene ankaupereka ndi mtima wabwino m'masiku amene chipatala chinali ulendo wa masiku awiri. Ankati ukalumidwa ndi njoka kapena chinkhanira, utemepo kuti magazi atuluke, uikepo mwalawo, ndipo udzakakamira ndi kuyamwa ululu wonse, kenaka udzagwa wokha. Ukatero uuwiritse ndi kuuviika mu mkaka kuti udzagwirenso ntchito. Ifenso tinakula tikuukhulupirira, ndipo sitibisa kuti pamene tinauona usiku uja mtima wathu unayamba wakhala pansi. Koma zoona zake ndi izi: si mwala konse, ndi fupa la ng'ombe lowotchedwa kufikira lisanduke khala. Limakakamira pabala chifukwa ndi louma ndi la timabowo, monga mmene chidutswa cha mbiya yatsopano chimakakamirira pa lilime. M'chaka cha 2007 ofufuza anauyesa pa mbewa zobayidwa ululu wa njoka, ndipo anapeza kuti supulumutsa. Ululu ukalowa m'thupi umayenda ndi kufalikira, sudikira pakhomo kuti wina adzautulutse. Ambiri amene amati anachira ndi mwalawu akanachira ngakhale popanda iwo, pakuti zinkhanira zambiri sizipha munthu wamkulu.

Tinapempha kuti lezala liyambe ladikira, ndipo anyamata ayang'ane chirombocho. Anachipeza msanga ndi tochi, chitabisala pansi pa khungwa lomatuka la nkhuni imene mwana anagwira, nachipha ndi mtengo. Chinali chachikasu, chotalika ngati chala cha munthu wamkulu, ndi mizere itatu pamsana. Ndi cha mtundu umene akatswiri amautcha Hottentotta trilineatus, wofala kuyambira kum'mawa kwa Africa kufikira ku chigwa cha Zambezi. Apa tikupemphani, awerengi, kuti musunge chinthu chimodzi. Poweruza chinkhanira musayang'ane kukula kwake kapena kuda kwake, koma yerekezani mchira ndi manja ake awiri opanira aja onga a nkhanu. Chimene chili ndi manja aakulu onenepa ndi mchira woonda chimagwira chakudya chake ndi mphamvu ya manja, ndipo ululu wake ndi wochepa. Zotere ndi zija zazikulu zimene timafukula polima, zokhala m'mauna, ndi zija zaphwatalala zokhala m'ming'alu ya matanthwe. Zimaopsa pooneka, koma mbola yake sipambana kwenikweni ya njuchi kapena mavu. Koma chimene chili ndi manja oonda ndi mchira wonenepa, chuma chake chonse chili kumchira. Cha usiku uja manja ake anali oonda, mchira wonenepa pang'ono.

Mwana tinamusambitsa chalacho ndi sopo, tinamukulunga ndi kansalu konyowa ndi madzi ozizira a mumtsuko, ndipo tinati apite ku chipatala usiku womwewo. Apa ndiye panabuka mkangano. Bambo wa mwanayo, mkamwini wa pamudzipo, anati tidikire kuche. Sitimuweruza: kiliniki inali kutali, njira ya miyala, mwini njinga yamoto amafuna ndalama ya mafuta yowirikiza ukamudzutsa usiku, ndipo Okutobala ndi mwezi umene ndalama iliyonse yasungidwira feteleza ndi mbewu. "Inenso chinandiluma chaka chatha," anatero, "ndinangolimba mtima, m'mawa ndinapita kudimba." Agogo nawo anali chiimire ndi mwala wawo m'manja. Tinagwada pafupi nawo ndi kunena kuti, "Agogo, pepani. Mwala wanuwu tikuudziwa, unachokera kutali. Koma taonani thukuta la mwanayu, taonani dovu likuchuchali. Uyu si wolimba ngati atate akewa. Tiloleni apite, ndipo asatemedwe." Anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira atsibweni a mwanayo, amene pa mwambo wathu ndiwo eni mbumba, nati, "Kadzutseni wa njinga uja." Mkamwini sanayankhenso.

Ndalama tinasonkherana pomwepo. Njinga inanyamula mwana ndi amayi ake, chirombo chakufacho atachiika m'kabotolo kuti anamwino akachione, ndipo tinaima tonse kuyang'ana nyali yake ikukwera ndi kutsika pakati pa mitengo kufikira inazimirira. Nsima inazizira m'mbale.

Nanga chifukwa ninji mwana ndi wamkulu sangayesedwe ndi muyeso umodzi? Chinkhanira sichichepetsa ululu poona kuti amene chabaya ndi wamng'ono. Muyeso umene ungasungunuke m'thupi la bambo wa makilogalamu 70 ndi womwewo umene umalowa m'kathupi ka makilogalamu 18. Ndiponso ululu wa zinkhanira za michira yonenepa suwononga mnofu monga wa mphiri, kotero kuti palibe chotupa chochenjeza makolo. Umagwira mitsempha imene imanyamula mauthenga m'thupi, ndi kuichititsa kutumiza mauthenga mosalekeza. Ndiye chake munthu amamva moto ndi dzanzi zikukwera mkono. Ukachuluka, amatuluka thukuta ndi dovu, amasanza, minofu imanjenjemera, amalephera kumeza, kulankhula bwino kapena kuyenda mowongoka, ndipo mwana amangodziponyaponya osakhazikika. Choopsa chachikulu ndi pamene kupuma kwayamba kuvuta. Mwa mwana zimenezi zingaoneke ola limodzi kapena awiri asanathe, pamene mwa wamkulu zingachedwe maola angapo. Kumanga mkono ndi mphira sikuletsa kanthu, kumangopha mkono. Kutema kumatsegulira matenda khomo. Ndipo kachasu amene ena amapereka kuti munthu alimbe mtima amafooketsa kupuma komweko kumene kuli pangozi.

Palibe amene anakagona. Tinakhala pa mphasa pabwalo, ndipo agogo, amene mtima wawo unali usanakhazikike, anayamba kusimba za kale. Anatikumbutsa zaka zija kuyambira 1987, pamene zigawenga za Renamo zinkadumpha malire ndi kuthira nkhondo midzi ya m'mbali muno, kufikira mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Masiku amenewo, anatero, dzuwa likapendeka anthu ankanyamula ana ndi mabulangete kukagona m'mapiri, pakati pa miyala, osayatsa moto. "Kumeneko zinkhanira zinatiluma ndithu, aphunzitsi. Munthu unkaluma nsalu kuti usalire, kuopa kumveka. Mwalawu ndi umene tinali nawo, panalibe china." Tinamva manyazi pang'ono. Nkosavuta kwa ife amene tinawerenga timabuku kupeputsa chimene chinatonthoza anthu pa usiku umene kunalibe njinga, kunalibe foni, kunalibe kolowera.

Nafe tinawasimbira zimene tikudziwa za kwina. Zinkhanira zilipo mitundu yoposa 2,000 pa dziko lonse, koma yokhoza kupha munthu siifika 50. M'chaka cha 2008 akatswiri awiri a ku France, Jean-Philippe Chippaux ndi Max Goyffon, anawerengera kuti anthu oposa 1,200,000 amalumidwa chaka chilichonse, ndipo oposa 3,250 amafa. Kumwera kwa Africa kuno zoopsa koposa ndi za mtundu wa Parabuthus, zokonda malo otentha ndi ouma monga kumwera kwa Zimbabwe, Botswana, Namibia ndi zigwa za Mozambique. China mwa izo, chakuda, chimafika masentimita 15, ndipo mchira wake ndi wonenepa ngati chala. Dokotala Nils Bergman, amene anagwira ntchito pa chipatala cha mishoni ya Manama ku Zimbabwe, analemba mu 1997 kuti amene ankafa nacho anali ana osafika zaka 10 ndi akuluakulu opitirira zaka 50. Tsono ife amene imvi zayamba tisamadzitame kwambiri. Mankhwala olimbana ndi ululu wa mtundu umenewu amapangidwa ku Johannesburg kuchokera m'magazi a akavalo. Ndipo ku chipululu chenicheni, mu mzinda wa Aswan ku Egypt kumene mvula siigwa kawirikawiri, chimvula cha mu Novembala 2021 chinatulutsa zinkhanira m'mauna ndi kuzikokolera m'nyumba, mwakuti anthu oposa 500 analumidwa. Agogo anagwira pakamwa.

Foni inalira usiku utapita ndithu. Anali amayi a mwana. Anati anamwino anayang'ana kabotolo kaja, anabaya jekeseni yochititsa dzanzi pa chalacho, anamumwetsa Panado, ndipo anakana kuti abwerere usiku womwewo. Mwana anasanza kamodzi panjira, mtima unali kugunda mothamanga, ndipo anamwino anati adzamuyang'anira kapumidwe kake kufikira kuche. Zikasintha adzaitanitsa galimoto yopita naye ku chipatala chachikulu pa boma. Foni yachiwiri inabwera atambala akulira: thukuta laleka, mwana wagona. Mkamwini uja, amene usiku wonse sanalankhule, anadzuka nakaima yekha kuseri kwa nkhokwe.

Kutacha, mwini khomo analamula kuti mulu wa nkhuni uphwasulidwe. Anyamata anavala nsapato za jombo, ndipo nkhuni iliyonse ankayamba aigubuduza ndi khasu ndi kuimenyetsa pansi asanainyamule. Munatuluka zinkhanira zinayi, mphemvu zosawerengeka ndi nankalizi mmodzi, ndipo nkhuku zinachita phwando. Mphemvuzo ndizo zinatiuza nkhani yonse. Chinkhanira sichibwera pakhomo kudzafuna munthu. Masana chimafuna pobisala pamdima ndi pozizirirapo, usiku chimasaka mphemvu, nkhululu, chiswe ndi akangaude, ndipo mulu wa nkhuni wotsamira khitchini umachipatsa zonse ziwiri, nyumba ndi ndiwo. Zina timachita kuzisenza tokha pamutu kuchokera kutchire, zili m'makungwa, kapena m'mitolo ya udzu wofolera ndi m'matumba a makala. Pa mulu wa njerwa tinapeza china chitabereka ana ake oyera kumsana, tinthu ting'onoting'ono tothithikana. Anyamata anati anawo anali kudya mayi wawo, monga timamvera kuyambira ubwana. Si choncho. Chinkhanira sichiikira mazira, chimabala ana amoyo, ndipo chimawabereka kufikira atafundula koyamba, kenaka amabalalika.

Nkhuni anazimangira thandala la mitengo kutali ndi chipupa, lokwera kufika m'mawondo, ndipo njerwa anazisamutsira kumapeto kwa bwalo. Mayi wa pakhomo, amene usiku wonse ankadziimba mlandu, anakanda dothi ndi kumata ming'alu ya m'khitchini ndi ya m'munsi mwa zipupa, nazira pansi. Tinayang'ananso mogona ana. Mphasa zinali zoyalidwa mogunda chipupa, ndipo neti ya udzudzu inali lende, yosafika pansi. Neti yopisiridwa bwino pansi pa mphasa kapena matiresi imatchinga zambiri kuposa udzudzu, makamaka m'nyumba ya udzu mmene zinkhanira zing'onozing'ono zimatha kugwa kuchokera kudenga. Mwini khomo anatichenjeza kuti masiku oipitsitsa anali asanafike. Chizimalupsa chikagwa, madzi amalowa m'mauna, inswa zimatuluka ndi kuunjikana pa nyali, ndipo zinkhanira zimazitsatira kufikira pakhonde, pamene ana akutola inswazo ndi manja, osavala nsapato. Anati chaka chino wotola inswa aliyense adzavala nsapato ndi kunyamula tochi, chimodzimodzinso wopita kuchimbudzi usiku, ndipo ntchito yosolola nkhuni kukada yachoka m'manja mwa ana.

Njinga inabwera dzuwa lili pamutu. Kamtsikana kaja kanatsika kokha, kofooka, kakudandaula kuti chala chikuchita ngati muli nyerere, chimene anamwino anati chidzatha pa masiku awiri kapena atatu. Kanayenda mozungulira kutali ndi khitchini, kanakakhala pa miyendo ya agogo. Ife tinali titamanga kale katundu wathu, pakuti ntchito imene tinadzera inali itatsalira m'mbuyo ndi theka la tsiku. Potsazika tinaona agogo akukulunganso mwala uja m'kansalu kake. Tinawafunsa ngati autaya. "Iyayi, aphunzitsi," anatero akutseka kachitini, "uwu anasiya ndi malemu amuna anga. Ukhale m'nyumba momwemo."